Timapiritsi ta Malume Bennet

A Bennet sankatha mphindi zisanu osagwedeza kachitini ka m'thumba la malaya awo. Kakalira, ankamwetulira ngati amva mwana wawo akuseka. Anali dalaivala wa lole yopita ku Salisbury kudzera ku Tete, ndipo timapiritsi toyera ta m'kachitiniko n'timene tinkawathamangitsira tulo pamsewu.

Yona, mwana wa mlongo wawo, ankakhala nawo ku Mbayani. Anali mu Sitandade 6, ndipo pa liwiro la mailo imodzi ankalimbana ndi mnzake Alidi yekha. Loweruka lina kunali mpikisano wa masukulu ku Limbe, wosankha anyamata okathamanga ku Salisbury. A Bennet anawaitanira awiriwo kuseri kwa lole.

"Aliyense kamodzi. Miyendo iziyenda yokha."

"Kodi n'zololedwa, malume?" anafunsa Yona.

"Waletsa ndani? Ndinagula m'sitolo dzuwa likuswa mtengo. Iwe ukamathira shuga mu tiyi umapempha chilolezo?"

Anamwa. Yona anathamanga osamva n'komwe kuti akuponda pansi, ndipo anapambana. Alidi, amene anali pambuyo pake, anapitirira mzere osaima, maso ali tong'o, kenako anagwa chafufumimba. Thupi lake linkatentha ngati simbi. Anathamangira naye kuchipatala pa galimoto ya ahedi.

Masiku awiri Yona sanalawe chakudya. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Lolemba aphunzitsi a masewera, a Pearson, anamupatsa malaya obiriwira a timu.

"Basi inyamuka Lachinayi. Usatichititse manyazi, mwana iwe."

Atatuluka kusukulu anapita kukaona Alidi. Anamupeza milomo itang'ambika, akubwebweta, miyendo ikupalasa bulangeti ngati akuthamangabe. Adokotala anamuyang'ana Yona pamwamba pa magalasi.

"Unali naye tsiku lonse. Anadya chiyani, kapena anamwa chiyani? Mtima wake ukuthamanga, koma sindingangomubaya mankhwala ndisakudziwa chili m'magazi."

"Sindikudziwa, adokotala."

Pakhonde anakumana ndi a Amida, amayi ake a Alidi, atamanga nsalu m'chiuno ngati pamaliro.

"Amupondetsa mwana wanga," anatero monong'ona. "Anyamata a ku Chirimba amene munkapikisana nawo aja anakwirira zinthu pamzere, aliyense akunena. Za anthu jakisoni sachiza. Mawa kukangocha tikumutulutsa, tipita naye kwa sing'anga. Iwe, mwanangu, Mulungu anakulambalalitsa."

Anamusisita pamutu. Yona anaganiza za Alidi. Munthu wosatha kukweza mutu uja, amunyamule panjinga mpaka kumudzi? Akafika?

Kunyumba anapeza a Bennet akutsuka mapazi m'beseni, ndipo anawafotokozera zonse.

"Ndiye ukufuna chiyani? Mnzakoyo ali ndi mtima wa nkhuku. Iwe unamwa, wafa?"

"Adokotala akufuna kudziwa, malume."

"Utseke pakamwa pakopo! Ukanena, Salisbury udzaiona m'buku la mapu basi. Ineyo akandichotsa ntchito, muno usadzapondemonso." Anapukuta manja, nakulunga timapiritsi tiwiri m'kapepala. "Tenga. Kumeneko kuli anyamata a miyendo ngati mitengo ya telefoni. Ukamwe tonse tiwiri."

Atatero anavala nsapato n'kupita kukapakira katundu ku Limbe.

Yona anatsala ataima pakati pa chipinda, kapepala kali m'manja. Kunja ana ankasewera mpira wachikulunga, amayi ena akuitanira makala. Anaganiza za basi ya Lachinayi, za a Pearson akumuvula ulemu pamaso pa sukulu yonse, za apolisi mwina. Koma akatsinzina, ankangoona miyendo ija ikupalasa bulangeti.

Anakoka chikwama pansi pa bedi. Anaikamo makabudula awiri, mabuku ake, ndi bulangeti lomwe anabwera nalo kuchokera kwa amayi ake, poti ankadziwa kuti m'nyumbamo sagonamonso. Malaya obiriwira aja anawapinda bwinobwino n'kuwaika pamwamba, kuti mawa akawabweze kwa a Pearson asanawaitanitse. Kapepalako sanakaike m'chikwama. Anakafumbata kolimba, nakoleka chikwama paphewa. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo ankadziwa kuti akafulumira adokotala akawapeza asanaweruke.