Tsitsi la Tejbir pa Chipeso

Tejbir anali kamnyamata ka tsitsi lalitali. Lumo silinakhudzepo mutu wake. Banja lawo linali la chipembedzo cha Asikh, ndipo Asikh sameta tsitsi. Tsitsi ndi mphatso ya Mulungu.

Tsiku lililonse amayi ankamupesa. Koma Tejbir ankafuna kupesa yekha.

M'mawa wina amayi ankakanda ufa wa roti, buledi wopyapyala. Tejbir anatenga chipeso chake chamtengo. Anapesa. Anapesanso. Kenako anayang'ana chipeso.

Mayo! Pachipeso panali tsitsi!

"Ndadula tsitsi langa!" anatero Tejbir. Anachita mantha kwambiri.

Analibwezera pamutu. Linagwa. Analinyowetsa ndi madzi. Linagwanso. Ndiye anatsinako ufa wokanda uja. Anamata tsitsi lija pamutu, phwata!

Mchemwali wake Nimrat anamuona.

"Iwe Tejbir! Ukuphika roti pamutu?" Nimrat anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tejbir sanaseke. Analira.

Abambo anabwera akumanga nduwira yawo. "Chavuta n'chiyani, mwanawe?"

"Ababa, ndalakwa. Ndadula tsitsi."

Abambo anagwada. Anachotsa ufa uja pang'onopang'ono.

"Sunadule ayi," anatero. "Lathothoka lokha. Umenewo si mlandu."

"Zoona, Ababa?"

"Zoona. Tiye ndikuonetse."

Pamwamba pa kabati panali kathumba koyera. Abambo anakatsegula. Munali tsitsi lokhalokha!

"Tsitsi lothothoka sitiliponda," anatero abambo. "Sitilitaya kudzala. Timaliika muno. Kathumba kakadzaza, timaliwotcha pamalo oyera."

Tejbir anakulunga tsitsi lake bwinobwino. Analiika m'kathumba. Kathumba kanadzaza!

Onse anapita kuseri kwa nyumba. Nimrat anasesa. Amayi anakoleza kamoto. Abambo anapemphera. Tejbir anaika tsitsi pamoto ndi manja awiri. Mantha onse anatha.

Koma Tejbir sasowa funso.

"Ababa, tsitsi lonseli ndi la ndani?"

"Lina la amayi ako. Lina la Nimrat."

"Nanga lambiri lija?"

Abambo anatsokomola. Amayi anayamba kuseka.

"Auzeni anawa," anatero amayi.

Abambo anawerama. Ananong'oneza kuti, "Ndi langa. Pansi pa nduwirayi pali dazi."

"Dazi!" anakuwa Tejbir. Kenako anawagwira dzanja. "Musadandaule, Ababa. Lathothoka lokha. Umenewo si mlandu."

Abambo anaseka mpaka misozi. Anamunyamula m'mwamba, n'kumumpsompsona pachipumi.