Kompaila Inkadumpha Lamulo

Anakumana m'chikepe cha ku ofesi, tsiku lomwe mtsikanayo ankayamba ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Mnyamata yemwe anzake ankangomutchula kuti Tayi, chifukwa sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji, anamugwirira chitseko.

"Mukupita kuti, chiphadzuwa? Komweko nanenso ndikupita."

Mtsikanayo anaseka. Posakhalitsa foni yake inayamba kulira pafupipafupi. "Duwa langa, wadya?" "Ine ndi iwe mpaka imvi." Mtima wa munthu ukanalimba bwanji?

Awiriwo ankalemba pulogalamu yoyang'anira mafiriji osungira mankhwala. Tayi anakakamira kuti agwiritse ntchito makontirakiti, njira yatsopano yomwe inali ikuyesedwabe. Wolemba amaika lamulo, ndipo likaswedwa pulogalamu imachenjeza.

Tsiku lina firiji inatentha, chenjezo osamveka. Mankhwala anawonongeka. Abwana anamuloza chala mtsikanayo, poti gawo la machenjezo analemba ndi iyeyo.

Iye sanagonje. Anafufuza mzere ndi mzere mpaka anapeza kuti vuto linali mu kompaila, pulogalamu yomwe imasandutsa zolemba za anthu kukhala zomwe makina amamva. Ikapeza malamulo awiri otsatizana, inkadumpha lachiwiri. Anathamanga kukamuwonetsa Tayi.

"Ndiwe katswiri, wapamtima wanga," anatero Tayi, akumupsompsona pachipumi.

Mawa lake pamsonkhano, Tayi anaimirira.

"Bwana, vuto ndalipeza ndine. Mnzathuyu anasokonezeka, ndachita kumuwongolera."

Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa. Uyu ndi yemwe ankalonjeza za imvi uja?

"Tiwonetseni, achimwene," anatero modekha, akumukankhira laputopu.

Tayi anadina apa, anadina apo, thukuta lili kamukamu. Mtsikanayo anaitenganso, nalemba mizere yochepa chabe. Onse anaona kompaila ikudumpha lamulo lija. Anawonetsanso m'mene anakonzera kuti mafiriji azichenjeza.

"Pepani, mayi," anatero abwana. "Kuyambira lero gawoli muziliyang'anira ndinu. Muwadziwitsenso opanga kompailayi."

Poweruka mtsikanayo anamupeza Tayi akumudikira pageti.

"Ndimaopa kuchotsedwa ntchito, wokondedwa. Undimvetse."

"Ndiye munaona kuti ndi bwino achotse ine?"



Mtsikanayo anamudutsa, khosi lili chilili. Misozi inadikira mpaka atakwera basi. Anaipukuta yekha, natsegula laputopu pamiyendo, n'kuyamba kuwalembera opanga kompaila aja.