Masokosi Onyowa a Bambo

Kopolo anali atawerama pa beseni kuseri kwa nyumba, thovu la sopo mpaka m'zigongono, pamene mwana wa telala anatulukira akuthamanga, patapata limodzi lili m'manja.

"Iwe! Bambo ako ayenda opanda ndodo! Kuchokera pa mpope mpaka pa geti, okha!"

Kopolo sanadzutse mutu. Anapitiriza kutikita malaya ngati malayawo amulakwira.

"Wamva koma? Ndipo akuti Loweruka ndiwaperekeze kuchipatala cha asilikali, ndikawanyamulire chikwama."

"Ndamva. Suntha, ukuponda zovala."

Dzina lachisilikali loti Kopolo anam'patsa ndi bambo ake adakali wamng'ono, chifukwa ankathamangitsa nkhuku za eni pabwalo n'kumazikalipira kuti ziyende pamzere. Bambowo anali msilikali. Anatumizidwa kukagwira ntchito kudziko lina, galimoto yawo inaponda bomba, ndipo anabwerako mwendo wakumanzere utathera m'munsi mwa bondo. Kuchipatala anawapatsa mwendo wapulasitiki ndi masokosi awiri ochindikala ovala pa chitsa, pamene mwendowo unathera, kuti pulasitiki isamawasupule khungu. Adokotala ananena mosabisa: sokosi lizikhala loyera ndi louma, ndipo popanda sokosi mwendo usavalidwe. Ndiye pakhomopo ankachapa limodzi, lina lili pamwendo. Wochapayo anali Kopolo, tsiku ndi tsiku, asanapite kusukulu.

Mwana wa telala anali mnzake wa m'kalasi, wa nyumba yoyandikana nayo. Analowa m'nkhaniyi tsiku limene anatumidwa kudzapereka mathalauza amene amayi ake anakulitsa kumiyendo. Anapeza bambowo akumanga malamba a mwendo, ndipo m'malo moyang'ana kumbali ngati alendo ena onse, anakhala pansi n'kufunsa kuti, "Nanga ukayabwa mumakanda pati?" Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuseka chibwerereni. Kuyambira pamenepo, akaweruka kusukulu, mwana wa telala ankabwera kudzayenda nawo pabwalo, dzanja lawo lili paphewa pake. Sabata isanathe n'komwe anali atam'patsa dzina loti Sajeni.

Dzinalo ndi limene linkamudya Kopolo.

Madzulo a tsiku limene bambowo anayenda opanda ndodo, amayi a Kopolo anafika kuchokera kuntchito, kumene ankakolopa m'maofesi. Anavula nsapato pakhomo, n'kukhala pampando miyendo itatupa.

"Amayi, pakati pa Sajeni ndi Kopolo wamkulu ndani?"

"Wamkulu ndi amene wamaliza kuchapa. Wamaliza?"

"Ine ndakhala Kopolo moyo wanga wonse. Wina wangobwera ndi mathalauza, basi wakwezedwa kale."

"Mwana iwe, msana wanga ukupweteka. Bambo ako akuyenda. Loweruka adokotala akawaona akuyenda bwino, abwerera kukampu kukagwira ntchito yosunga katundu. Akapanda kuyenda, malowo apatsa wina, iwo azikhala pano kumayang'ana khoma. Ndiye kaya akuyendetsa ndi mwana wa telala, kaya ndi mbuzi, ine ndilibe nazo ntchito. Kandibweretsere madzi akumwa."

Za malowo Kopolo ankazidziwa bwino. M'mawa uliwonse bambo ake ankapukuta majombo awo a usilikali, onse awiri, ngakhale lakumanzere limene linali lisanapondenso pansi. Ankawaika pafupi ndi chitseko, akuwala, ngati munthu woti aitanidwa nthawi ina iliyonse. Koma kudziwa ndi kwina, mtima ndi wina. Iye ankangoona kuti sokosi lonunkha thukuta ndi lake, koma kuseka ndi kuwomba m'manja pabwalo n'kwa mwana wa eni.

Lachinayi m'mawa, bambo ake adakali m'bafa, Kopolo anatenga masokosi onse awiri, lakuda ndi loyera lomwe, n'kuwaviika m'madzi. Sanawayanike. Anawasiya pansi pa beseni akudontha, anaphimba ndi siketi yake yakale, n'kulowetsa beseniyo pansi pa bedi lake. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti Sajeniyo abwere ndi changu chake chija, apeze kuti lero kulibe zoguba, abwerere kwawo akathandize amayi ake kutola ulusi.

Atabwera kusukulu anapeza bambo ake ali pakhonde, mwendo wapulasitiki utatsamira khoma, ndodo zili pambali.

"Kopolo, masokosi anga ali kuti? Pachingwe palibe."

"Sanaume, Bambo."

"Onse awiri?"

"Kunalibe dzuwa."

Bambowo anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali likuswa mtengo chiyambireni m'mawa. Kenako anamuyang'ana mwana wawo. Kopolo analowa kuchipinda, n'kutsegula buku la masamu, mtima uli phee ngati wapambana.

Posakhalitsa anamva mawu a mwana wa telala panja. Anadikira kumva akutsanzika. M'malo mwake anamva phokoso lija la mwendo wapulasitiki, gu, kenako phazi, gu, kenako phazi. Anasuzumira pawindo. Bambo ake anali atavala mwendo. Pamwamba pa pulasitiki panali kutuluka nsonga ya vesiti yakale imene anakulunga pa chitsa.

"Abambo, lero mukutsimphina," anatero mwana wa telala. "Tipume kaye."

"Msilikali satsimphina, Sajeni. Amaguba mokhota. Loweruka lili pafupi, tiye mpaka pa geti."

"Koma nkhope yanu yasintha."

"Nkhope inasintha kalekale, funsa amayi a Kopolo. Tiye!"

Kopolo anayang'ana pansi pa bedi. Akanatha kutulutsa masokosiwo, kuwafinya, kuwasita ndi simbi, n'kuthamanga nawo panja. Koma anamva awiriwo akusekanso, ndipo anabwerera pa masamu ake. Awiriwo anazungulira bwalo mpaka dzuwa kupendeka, iye akumva gu aliyense.

Kutacha, Kopolo anadzidzimuka ndi mawu a amayi ake kuchipinda china.

"Mayo ine! Bambo a Kopolo, mwagona ndi zimenezi osanena? Ndinu mwana inu?"

Kenako amayiwo analowa mwaliwiro, akufunafuna beseni yoti athiremo madzi amchere. Pakhomopo beseni inali imodzi yokha. Anaiona pansi pa bedi, anaikoka, anachotsa siketi. Fungo la zovala zovunda linadzaza chipinda. Ananyamula sokosi limodzi ndi zala ziwiri, madzi akudontha pa simenti.

Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Kunalibe dzuwa pansi pa bedi, n'zoona," anatero. "Tsuka beseniyi. Uthire madzi ofunda ndi mchere, ubwere nayo kuchipinda."

"Amayi, ndingoisiya pakhomo."

"Ulowa nayo. Ugwira ndiwe."

Chibwerereni bambo ake, Kopolo anali ataona chitsacho kamodzi kokha. Linali tsiku loyamba, amayi akumasula bandeji. Kopolo anathawira kuseri kwa nyumba n'kukasanza, ndipo kuyambira pamenepo ankalowa m'chipindamo pokhapokha thalauza litaphimba. Ankaganiza kuti palibe anadziwa.

Tsopano anagwada ndi beseni pafupi ndi bedi. Vesiti inali itamatirira, amayi ankachita kuinyowetsa kuti ichoke. Itachoka, panaoneka matuza ophulika, ndipo m'munsi mwa bondo khungu linali litasupuka, pofiira, potuluka madzi. Bambo ake anagwira chitsulo cha bedi, mitsempha ya pamkono itatuluka, koma sanabuule. Kopolo anapendeketsa beseni mpaka madzi kutayikira.

"Gwira bwino," anatero amayi. "Ukataya ukolopa wekha."

Anagwira bwino. Sanayang'ane kumbali.

Amayi atatuluka kukafuna thonje lina, Kopolo anayankhula maso ali m'madzi.

"Masokosi ndinabisa ndine, Bambo."

"Ndinadziwa. Dzuwa ndimaliona."

"Nanga munavaliranji mwendo?"

"Kupusa kwanga. Adokotala anandiletsa, ine ndinaona ngati ndine wolimba kuposa pulasitiki. Pamenepo mlandu ndi wanga. Wako ndi wa beseni."

Misozi inayamba kugwera m'madzi amchere aja. "Bwanji simundiitana ine? Ine ndine wongochapa basi? Iye mwam'patsa mpaka usajeni."

Bambowo anapumira m'mwamba. "Tsiku loyamba lija ndinakumva kuseri kwa nyumba. Khoma lathu ndi lopyapyala. Ndinati mwana wanga ndisam'vutitse nazo." Anayang'ana chitsa chija. "Komanso ndimagwa, Kopolo. Ndagwa kambirimbiri pabwalopo. Pamaso pa mwana wa eni ndimagwa n'kuseka, amandidzutsa, zatha. Iwe ndinkakunyamula pakhosi kupita nawe kumsika. Sindinafune kuti uzidzutsa bambo ako m'fumbi."

"Ndikanakudzutsani."

"Ndi timikono timeneto?"

Kopolo anafuna kuseka, koma zinatuluka ngati kulira. Amayi analowa ndi thonje, anayang'ana onse awiri.

"Mwamaliza msonkhano? Ine ndachedwa kuntchito. Iwe, taona mmene ndikupukutiramu, kuchokera pakati kupita kunja. Mawa upukuta wekha."

Loweruka bambowo anapita kuchipatala ndi ndodo, thalauza lakumanzere litapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Anawaperekeza ndi amayi, mwendo wapulasitiki uli m'chikwama. Mwana wa telala sanapite, Kopolo sanapitenso. Anabwerako masana, ndipo Kopolo anadziwa yankho poona mmene bambo ake anadutsira majombo aja pakhomo osawayang'ana.

"Akuti mwendo usavalidwe mpaka bala lipole," anatero amayi akuvula nsapato. "Likapola ayambirenso pang'onopang'ono. Malo osunga katundu aja apatsa wina. Akuti mwina chaka chamawa pangapezeke ena. Mwina." Anamuyang'ana Kopolo. "Sindikumenya. Ndatopa, ndipo sizibweza kanthu."

M'mawa mwake majombo sanapukutidwe. Kopolo anatsuka bala monga anaphunzitsidwira, kuchokera pakati kupita kunja, anamanga bandeji, bambo ake n'kunena kuti wamanga mothina ngati akumanga thumba la makala. Anamasula, n'kumanganso. Kenako anatenga beseni kupita kuseri kwa nyumba.

Masokosi aja anali atachita timadontho takuda ta nkhungu. Anawapaka sopo, anatikita, anatsukuluza, timadontho tili pomwepo.

Anamva mapazi. Mwana wa telala anaima pakona pa nyumba, manja kumbuyo, osathamanga ngati kale.

"Ndinawauza kuti tipume," anatero motsitsa mawu. "Sanandimvere. Amayi anga akuti mwina ndine ndinawayendetsa kwambiri, ndisamabwerenso."

Kopolo anasiya kutikita. Zikanakhala zosavuta kungokhala chete. Mtima wake wina unkafuna zimenezo ndithu.

"Si iwe. Ndine ndinabisa masokosi. Ukawauze amayi ako choncho."

"Iwe? Chifukwa chiyani?"

"Usandifunse zambiri. Bambo ali pakhonde, sanayankhule ndi munthu chidzukireni. Pita ukawafunse mafunso ako opusa aja." Anapukuta mphuno ndi phewa. "Koma akadzayambanso kuyenda, iwe kumanja. Kumanzere ndi kwanga."

Mwana wa telala anapita. Patapita kanthawi, kuchokera pakhonde kunamveka mawu a bambo, kenako kaphokoso ka chitini cha polishi chikutsegulidwa. Kuseka kunamvekanso, kochepa, ndipo kunamulasabe Kopolo penapake pansi pa nthiti.

Amayi anasuzumira pawindo la kukhitchini, n'kuloza mulu wa zovala umene unali pambali pa beseni.

"Nanga izo zichapa zokha?"

Kopolo anathira madzi ena, anatenga sokosi lija, n'kuweramanso pa timadontho take.