Nsomba Zouma za Pakhoma la Pyo

Lolemba m'mawa, nyengo ija aliyense amakhala kalikiliki kufutsa kabichi wodya m'chisanu, mayi Bong Mal-sun anatuluka m'nyumba n'kupeza kalole kawo palibe. Pomwe kanagona panangotsala timadontho ta oyilo. Kanapita ndi kabichi yemwe, wodzaza mpaka pamwamba.

Anathamangira m'nyumba. Makiyi apadera sanali pamsomali. Mwana wawo Tae-sik nayenso panalibe, ndipo dzulo lake awiriwa anali atakangana mpaka kumenyetsa zitseko.

Tae-sik anakhalako kundende ali mnyamata, mlandu wake womwewu wa magalimoto. Atatuluka anasiyiratu, n'kumagulitsa kabichi ndi mayi ake m'misika ya ku Solmae. Koma mbiri yoipa sichoka msanga pamunthu. Wapolisi wofufuza milandu, Seok, atafunsa ngati pali yemwe akumukayikira, mayiwo sanadikire n'komwe kuti funso lithe. Anatchula mwana wawo wobereka okha. Kamwa ili, abale!

Madzulo apolisi anamugwira pa siteji ya basi, makiyi ali m'thumba. Iye anati anawatenga chifukwa cha mkwiyo chabe, ndipo anagona pansi pa mlatho. Mboni analibe. Anamutsekera m'chitokosi kudikira khoti, ndipo Seok ananeneratu kuti wolakwa kachiwiri amapita zaka ndithu.

Mayi Bong tulo tinawathawa. Ankadzuka, kukhala, kusuzumira pazenera, kukhalanso. Koma kabichi sadikira munthu wachisoni, nyengo yake ikapita yapita. Kuseri kwa nyumba kunali kalole kakale ka malemu amuna awo, ka mtundu womwewo, injini yake itafa kalekale. Makaniko anati thupi lidakali bwino, angopeza injini yakale kusikirapu.

Loweruka masana anakwera basi mpaka kumalire a tauni, kwa Pyo Man-gi wophwasula magalimoto. Mpanda wamalata, agalu awiri pa tcheni, mainjini akulendewera m'mwamba ngati nyama kubutchala. Pyo anali munthu wonenepa, wanthabwala, wa mawu ngati ali pa msika. Atamva mtundu wa kalole, anawatsogolera pakona n'kuvundukula lona.

"Iyi, mayi, ndi namwali. Mwini wake ankangopita nayo kutchalitchi."

"Bwana, nonse ogulitsa mumatero. Inenso kabichi wanga yense ndimati ndathyola lero."

Pyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwaitanira mu ofesi kuti akalipire.

Kwathu kuno munthu ukagula galimoto umathira mowa wampunga pamatayala, kenako umakulunga nsomba youma ndi ulusi woyera n'kuimangirira kuseri kwa mpando, kuti maso ake osaphethirawo aziona ngozi isanafike. Pakhoma la ofesi ya Pyo panali nsomba zoterezi mzere wonse, zina zakuda ndi fumbi, zina zatsopano. Imodzi chakumapeto ulusi woyera unathera pakati, kotsalako kunamangidwa ndi chingwe chobiriwira chomangira kabichi. Mayi Bong ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Anamaliza kuimanga ndi Tae-sik, tsiku lomwe anagula kalole kobedwa kaja, akuseka kuti mizimu sisankha ulusi.

Mantha anawagwira, ndipo pansi pa manthawo panali manyazi owawa kuposa manthawo. Pyo anafunsa ngati adwala. Iwo anati ndi fungo la oyilo, n'kutulutsa ndalama zonse zomwe iye anatchula.

Apa mpomwe anatsala pang'ono kudzigwiritsa. Pyo anasiya kuseka. Mayi wamumsika wolipira osanenerera, anamuonapo ndani? Anayang'ana mayiwo, anayang'ana khoma, n'kusendera chakukhomo.

Mayi Bong anatsomphola ndalama zija patebulo. "Mwaona ngati ndine chitsiru eti? Ndimafuna ndione ngati muli ndi manyazi. Chitsulo chadzimbiri chimenechi mtengo wake umenewu? Dulani pakati, apo ayi ndikupita kwa ena."

Anakangana mpaka malovu kuuma. Anamunena kuti ndi wamtima wamwala, wodyera amasiye. Pyo nkhope inamasuka, nthabwala zinabwerera. Anatsitsa pang'ono, n'kulonjeza kuti injini ifika kwa makaniko dzuwa lisanalowe.

Pochoka kumeneko sanadikire basi. Anaimitsa takisi, mtima uli m'mwamba, akucheuka njira yonse. Kupolisi Seok anamvetsera, kenako anapukusa mutu. Anati nsomba youma si umboni, ndipo mayi aliyense amalota zoti mwana wake ndi wosalakwa. Mayi Bong sanatsutse. Anangokhala pansi pakhomo penipeni pa ofesiyo, miyendo tambalale, n'kunena kuti aliyense wolowa kapena wotuluka aziwalumpha. Apolisi atatopa n'kulumpha, Seok anatenga jekete.

Kwa makaniko anapeza injini itangotsitsidwa kumene. Seok anawalitsa tochi pomwe pamakhala nambala. Panali posalala, pakunyezimira, popalidwa ndi makina posachedwapa. Sanapukusenso mutu.

Lolemba lotsatira, chipata cha Pyo chitangotsegulidwa, magalimoto awiri apolisi analowa. Pyo anayesa kukwera mpanda, koma mimba inamukaniza, ndipo anamutsitsa atamugwira buluku. Pansi pa mulu wa matayala anafukula chitseko cholembedwa dzina la mayi Bong. Seok anaitanitsa anthu ena omwe anaberedwa malole chaka chimenecho. Atatu analoza nsomba zawo pakhoma, wina mpaka kulira.

Pyo anavomera. Anati ankayenda mbandakucha ndi galimoto yokokera zowonongeka, ndipo palibe ankamufunsa kanthu, poti ndani amakayikira munthu wokoka galimoto yakufa? Makiyi sankawafuna n'komwe. Pofika masana kalole kankakhala kali zidutswazidutswa. Tae-sik sankamudziwa ngakhale nkhope.

"Nambala unapala, chitseko unakwirira," anatero Seok pomumanga unyolo. "Nanga nsombazi osataya bwanji?"

"Inu mungataye, bwana? Ine ndimagwira ntchito pansi pa mainjini olendewera tsiku lonse."

Khoti linadzamupatsa zaka zisanu ndi chimodzi. Koma mayi Bong sizimene ankadikira.

Tsiku lotulutsidwa Tae-sik, mayi Bong anafika pachipata cha ndende m'mamawa, chisanu chikuluma makutu. M'manja ananyamula tofu wotentha, chakudya choyera cha soya chomwe timadyetsa wotuluka m'ndende pachipata pomwepo, kuti ayere mtima asadzabwererenso. Ankasinthasintha miyendo, kukonza mawu, kuwaiwala, kuwakonzanso.

Tae-sik anatuluka atawonda, ndevu zili nyankhalala. Anaima patsogolo pawo. Iwo anatambasula manja.

"Idya, mwanawe. Udakali wotentha."

Iye anayang'ana tofu uja nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Ulendo woyamba uja ndinadya, amayi, chifukwa ndinalakwa. Uno walakwa ndani?"

Anakweza kolala ya jekete n'kuyamba kuyenda chakusiteji, osati ya basi yopita kwawo. Mayi Bong anamuitana kamodzi. Mlonda wa pachipata anayang'ana kumbali.

Mayiwo anaima pomwepo mpaka mwanayo anakhota pakona. Kenako ananyema tofu uja ndi zala n'kuyamba kudya okha, misozi ikugwera momwemo, mpaka anamumaliza yense.