Chifuwa cha Namzeze

Tsiku limene Namzeze analavula magazi m'kalasi, sanachite mantha ngati mmene anachitira aphunzitsi. Anayang'ana kansalu kake kofiira ndi magaziwo, naganiza za mayi ake omupeza, mtima ukuwira ndi ukali.

Dzina loti Namzeze anamupatsa ndi anzake, poti pa mpira wamanja ankachita ngati akuuluka. Amayi ake omubereka anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo bambo ake, dalaivala wa lole, anakhala zaka zambiri asanakwatirenso. Mkazi amene anadzamubweretsayo ankagwira ntchito kosokera mapilo ndi matiresi. Anali munthu wofatsa, ndipo madzulo ankafika thonje lili mbuu m'tsitsi, akutsokomola.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo ake, sanamufune mkaziyo kuyambira pachiyambi. Anamukokera Namzeze pambali n'kumuuza kuti kutsokomola koteroko n'kwa chifuwa chachikulu, asayerekeze kudya za m'manja mwake. Namzeze anawalandira mawuwo ndi manja awiri, poti ankafuna kale chifukwa chomudera mkaziyo. Chakudya akamuikira, ankachisiya chivundikirire mpaka chizizire. Ankapita kusukulu ndi njala, n'kumatolatola twa anzake. Miyezi inapita, yunifolomu inayamba kumukulira, thukuta likumunyowetsa pogona.

Kuchipatala anayeza makhololo, anamujambula m'chifuwa, napeza kuti chinalidi chifuwa chachikulu. Anamupatsa mankhwala n'kulamula kuti onse a m'nyumbamo akayezetse.

Namzeze atafika kunyumba anapeza azakhali atakhala kale pabalaza, akulankhula mokweza kuti oyandikana nawo amve. Mayi omupezawo anabwera ndi kapu ya madzi kuti mwana amwere mankhwala. Namzeze anaikankha kapuyo, madzi n'kukhuthukira pansi.

"Mwasangalala tsopano?" anatero. "Mwandipatsira matenda anu. Mumafuna nditsatire amayi anga kuti nyumba ikhale yanu."

Mkaziyo anatembenukira kwa mwamuna wake, koma bambowo anangozyolika, maso pa nsapato zawo. Mkaziyo anadikira kanthawi, kenako anakolopa madzi aja, analowa kuchipinda, nalongedza zovala zake n'kupita kwa mkulu wake.

Pa tsiku lokatenga mankhwala ena, dokotala, mayi wa magalasi okhuthala, anawaitanira Namzeze ndi bambo ake m'kachipinda kake. Anati mkazi uja anabwera yekha kudzayezetsa, ndipo anapempha kuti zotsatira zake auzidwe a pabanjapo. Analibe chifuwa chachikulu ngakhale pang'ono. Chomutsokomoletsa linali fumbi la thonje la kuntchito.

Kenako dokotala anakweza chithunzi cha mapapo a Namzeze n'kuloza kachipsera koyera kamene anati n'kakalekale. Anafunsa ngati panali wina amene ankatsokomola m'nyumba mwanayo ali wamng'ono.

Bambowo anazungulitsa chipewa chawo m'manja. Mawu anatuluka movutikira: amayi a Namzeze anamwalira ndi chifuwa chachikulu. Abale anagwirizana zomanena kuti chinali chibayo, poopa manyazi. Mwanayo ankagona pachifuwa pa amayi ake mpaka masiku omaliza, poti akamuchotsa ankalira.

"Koma papita zaka zambiri!" anatero Namzeze. "Ndikanadwala kalekale."

Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono. M'mapapo muli maselo olondera, amene anthu amati asilikali a m'thupi. Kachilombo kakalowa, selo limakameza n'kukatsekera m'kathumba, kenako limathiramo madzi aululu oti akasungunule. Tizilombo tambiri timafera momwemo. Koma ka chifuwa chachikulu kali ndi khungu la mafuta lolimba ngati phula, ndiponso kamatsekereza kuti ululuwo usafike m'kathumbamo. Motero kamakhala phee m'kati mwa msilikali yemwe anakagwirayo, kumadya za momwemo. Thupi likalephera kukapha, asilikali ena amaunjikana n'kukazinga ngati mpanda. Kakhoza kugona mmenemo zaka ndi zaka, mwina mpaka munthu kukalamba osadwala.

"Sindingalumbire kuti anakupatsira ndani," anatero dokotala. "Koma mpandawo umagumuka thupi likafooka. Iwe thupi lako latha chonchi. Kodi kunyumba mumasowa chakudya?"

Bambo ake anamuyang'ana Namzeze, iye n'kuyang'ana kumbali.

Atafika pageti pa nyumba yawo, Namzeze anafunsa ngati azakhali ankadziwa chimene chinapha amayi ake. Bambo anati ankadziwa, ndi azakhaliwo amene ankawasamalira amayi akewo kuchipatala. Namzeze anafunsanso chifukwa chake bambowo anakhala chete tsiku lija, mkazi wawo akunyozedwa pamaso pawo. Bambo anangolowa m'nyumba. Azakhali atamva nkhaniyo anangoti iwo si dokotala, aliyense amaphonya, ndipo anasiya kubwera.

Bambo anapita kangapo kwa mkulu wa mkazi wawo, n'kumabwerako okha. Kenako lole inawaitana, Namzeze anatsala m'nyumba yazii, akumeza mapilitsi akuluakulu m'mawa uliwonse.

A kuchipatala atanena kuti sangapatsirenso anthu matendawo, Namzeze anapita kosokera matiresi kuja. Munali phokoso la makina, tizidutswa ta thonje tikuyandama m'kuwala kwa pawindo. Anawapeza mayi omupeza aja kumapeto kwa mzere, atamanga kansalu kumphuno, akusoka pilo. Anagwada pambali pa makina. Mawu onse amene anakonza panjira anamuthawa. Anangoti analakwa, ndipo akupempha kuti abwerere kunyumba.

Mkaziyo anaimitsa makina, natsitsa kansalu kaja.

"Dzuka, uda mawondo," anatero. "Iwe ndi mwana, unanena zimene unauzidwa. Ndilibe nawe chifukwa. Koma bambo ako ankadziwa zoona, n'kundisiya ndituluke ngati galu wachiwewe. Kumeneko sindibwerera."

Namzeze analira mpaka anabanika. Mkaziyo anadikira kuti atonthole, kenako anamufunsa ngati akumwa mankhwala osadumphitsa. Anamuuza kuti asadzawasiye ngakhale atamva kuti wachira, poti tizilombo tobisalato timafa mochedwa. Anafunsanso amene akumuphikira.

"Palibe," anatero Namzeze.

Mkaziyo anamuyang'ana, misozi ili lengelenge m'maso. Kenako kapitawo anaitana kuti mapilo akuchedwa.

"Uphunzire kudziphikira," anatero mkaziyo, nakweza kansalu kake kumphuno.

Makina anayambanso kulira. Namzeze anaima pang'ono, koma mkaziyo sanadzutsenso mutu.