Mauthenga Atatu Amene Anafufutidwa

Galimoto itakhotera mumsewu wafumbi wopita ku famu, namwino anabisa foni yake m'chikwama. Mwamuna wake ankayendetsa akuimba likhweru. Kumbuyo kunakhala mwana womupeza wa namwinoyo, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, atafungatira juzi yomwe anagulira agogo ake. Famuyo inali ya makolo a malemu mkazi woyamba wa mwamunayo, mayi a mtsikanayo, ndipo panali patadutsa zaka ziwiri banjali lisanapondeko.

Chifukwa chake ankachidziwa namwino yekha. Mwamuna wake anali dalaivala wa malole, wokhalitsa pa ulendo, choncho agogo aamuna ankatumiza mauthenga pa foni ya namwinoyo. Anabwera atatu. Womaliza unati: "Bwerani naye mwanayo, agogo ake aakazi ayamba kuiwala." Onse anawafufuta. Anali atatopa ndi chithunzi cha malemu pabalaza, atatopa kukhala ngati mlendo m'nyumba yakeyake. Mumtima ankangoti tipita mwezi wamawa.

Agogo aamuna anawachingamira pa geti, nsapato zili matope okhaokha, chidebe cha mkaka kumanja.

"Ndimayesa ndi ogula ng'ombe," anatero akuseka. Kenako anayang'ana mdzukulu wawo. "Kutalika kumeneku, kwanu mumadya feteleza?"

Agogo aakazi anali pakhonde, akupinda ndi kufunyulula kansalu ka patebulo. Mtsikana anathamanga, nagwada, nawapatsa juzi ija.

"Zikomo, mwana wa eni. Kwanu n'kuti?"

"Ndine, agogo."

"Wa ndani?"

Pamenepo gogoyo anaona namwino, nkhope yake n'kuwala. "Mwana wanga, wachedwa kuti? Tabwera kuno." Anamugwira dzanja mwamphamvu, akumutchula dzina la malemu. Mtsikana anadzuka, misozi ili chuchuchu, nazembera kuseri kwa khola.

Kukhitchini, dalaivala anafunsa apongozi ake aamuna. "Bambo, zafika pamenepa osatiuza?"

Nkhalambayo inkatsuka chidebe. Inayang'ana namwino kamodzi, n'kubweza maso m'madzi. "Mafoni amasiku anowa. Mwina sindinadine bwino."

Nkhalambayo ikanamukalipira namwino bwenzi zili bwino. Kumubisa kumeneku ndi kumene kunamulasa.

"Munadina bwino, bambo," anatero namwino. "Anafika onse atatu. Ndinafufuta ndine."

Mwamuna wake anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe? Namwino wathunthu, wodziwa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo?"

"Ndinkaopa kuti mukabwera kuno muzikumbukira iyeyo, ine n'kukhala wapadera."

"Ndiye nsanje yako ndi munthu wakufa walipira ndi mwana? Zaka ziwiri ndakhala ndikuti apongozi anga ananditaya."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko, makapu pa shelefu n'kugwedezeka. Namwino anagwada pansi akulira.

"Dzukani, mayi," anatero agogo aamuna. "Ndinkadziwa kuti anafika, foni imaonetsa. Ndisaname kuti ndakhululuka lero. Koma ine si amene mwamulanda chinthu. Mwini wake ali kukhola."

Namwino anamupeza mtsikana atatsamira tayala la thirakitala yakufa, ana a ng'ombe akumusuzumira pa mpanda. Anamuuza zonse, osachotsera.

"Chaka chatha akanandizindikira?" anafunsa mtsikana.

Bodza linafika pamlomo, koma analimeza. "Eya. Akanakuzindikira."

Mtsikana anapukuta mphuno ndi mkono. "Agogo akuyesa ndinu amayi anga. Inuyo akumverani. Kawauzeni kuti ndine mwana wanu."

Anapita pakhonde, wina patsogolo wina pambuyo. Namwino anagwada. "Amayi, uyu ndi mdzukulu wanu. Mwana wanga."

Gogoyo anagwira nkhope ya mtsikana ndi manja onse awiri, naiyang'anitsitsa. "Kodi? Ndiye unkandibisiranji mwana wokongola chonchi?" Anamukokera pachifuwa n'kuyamba kumusisita tsitsi. Dalaivala anaima patali, pansi pa mtengo, akupukuta m'maso.

Lamlungu masana ananyamuka. Dalaivala anali asanamulankhulebe mkazi wake, ndipo namwino ankadziwa kuti nkhaniyi ikapitirira kunyumba. Atadutsa geti, mtsikana analankhula maso ali pawindo.

"Loweruka likubwerali muli pa ntchito?"

"Ndisinthana ndi mnzanga," anayankha namwino.