Duwa Lochokera Kozizira

Kanyerere anali mtsikana wokonda kukumba dothi. N'chifukwa chake kunyumba ankamutchula Kanyerere. Iye anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuona duwa la amayi ake litamasula.

Duwalo dzina lake ndi ayirisi. Amayi anabwera nalo kuchokera kwawo, kumapiri kozizira. Linali limodzi lokha. Linkakhala mu ndowa yakale pakhonde.

Koma kumene anasamukira kunali kotentha. Chaka chonse kunali kotentha. Duwa linkangomera masamba. Masamba, masamba, masamba okhaokha.

"Amayi, bwanji silikumasula?" anafunsa Kanyerere.

"Linazolowera chisanu, mwanangu," anayankha amayi. "Kwathu limagona m'chisanu. Likadzuka, limamasula."

Kanyerere anaganiza. Anaganizanso. Chisanu angachipeze kuti? Mufiriji!

Anatenga madzi oundana. Anawaika mu ndowa. Anakwirira muzu ndi dothi lambiri kuti dzuwa lisauwotche. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Mkuja wakenso chimodzimodzi.

Achimwene ake anamuona. Anaseka.

"Iwe Kanyerere, duwa lako layamba kumwa zoziziritsa kukhosi?"

"Sekani, achimwene. Mudzaona nokha."

Koma masamba anayamba chikasu. Kenako anawerama. Ndowa inayamba kununkha.

Amayi anagwada. Anafukula dothi ndi zala. Muzu unali phwetephwete.

"Mayo! Waola," anatero amayi.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kanyerere.

"Ndine, amayi. Ndimalipatsa chisanu cha mufiriji."

Amayi anayang'ana muzu. Anayang'ana mwana wawo.

"Unafuna zabwino," anatero pang'onopang'ono. "Koma madzi oundana akasungunuka ndi madzi basi. Muzu uwu sukonda kunyowa. Thamanga, katenge mpeni."

Amayi anadula mbali yoola. Anadulanso. Panatsala kachidutswa kolimba, kakang'ono ngati chala. Anakaika pamphepo kuti bala liume.

Achimwene anaboola ndowa pansi ndi msomali. Kanyerere anasakaniza dothi latsopano ndi mchenga. Apa ndiye inali ntchito yake!

"Muzuwo usaukwirire wonse," anatero amayi. "Msana wake uzionekera."

Ananyamula ndowa. Anaiika kuseri kwa nyumba. Kumeneko dzuwa limafika m'mawa. Masana khoma limachita mthunzi.

"Tsopano limasula, amayi?"

"Kaya, mwanangu. Chisanu sitingalipatse. Mthunzi wokha tingalipatse. Inenso nditafika kuno sindinazolowere msanga."

Kanyerere anadikira. Tsiku lililonse ankapisa chala m'dothi. Dothi likakhala lonyowa, ankabweza kapu ya madzi. Likakhala louma, ankathirira pang'ono. Pang'ono pokha.

Tsamba linatuluka. Lina linatuluka. Mvula inabwera, mvula inapita. Masamba okhaokha. Kanyerere anakula mpaka nsapato zinamuthina. Masamba okhaokha.

Kenako kunayamba kamphepo ka m'mawa. Sikanali chisanu. Kanali kamphepo chabe.

Pakati pa masamba panatuluka phesi. Phesi linatalika. Kunsonga kwake kunatupa. Kanyerere sanalikhudze. Anangobisa manja kumbuyo.

M'mawa wina anakuwa.

"Amayi! Achimwene! Bwerani!"

Duwa linali litamasula. Linali limodzi, lalikulu, la mtundu wa pepo. Kanyerere anasuzumira pafupi. Anaona tiubweya tachikasu pakamwa pa duwa.

"Lili ndi ndevu!" anakuwa. "Achimwene, duwa lakuposani. Inu mulibe ndi imodzi yomwe!"

Achimwene anagwira chibwano chawo.

"Zikubwera," anatero. "Nazonso zikufuna mthunzi."

Amayi anaseka mpaka kupukuta maso. Kenako anawerama. Ananunkhiza duwa. Anatseka maso.

"Likununkhira bwanji, amayi?"

"Likununkhira kwathu, mwanangu. Bwera, nawe udzamve fungo lake."

Kanyerere anaika mphuno yake pafupi ndi ya amayi.